Mpanda wa Mayi Waya

Tsiku lachisanu ndi chinayi la kuwerenga, Mayi Waya anayenda mzere wake wonse, kuchokera pa chikhomo choyamba mpaka cha makumi anayi, osaona kadziwotche ngakhale mmodzi. Anakhala pamwala, anatsegula kope, n'kulemba ziro pansi pa maziro ena asanu ndi atatu. Udzu unkamulekeza m'chiuno, njere zake zitalowa m'masokosi n'kumamuyabwa. Nyengo ya akadziwotche imatenga masabata atatu okha, ndipo theka lake linali litatsala pang'ono kutha.

Dzina la Mayi Waya sanabadwe nalo. Anamupatsa ndi madalaivala a malole odutsa mumsewu wa m'munsi mwa chitunda, chaka chimene iye anazunguliza chitunda chonsecho ndi waya waminga, mizere isanu, n'kuikapo geti lachitsulo ndi loko wamkulu ngati chibakera. Poyamba dzinalo linkamuwawa. Kenako analizolowera, ndipo tisabise, anayamba kulikonda, pakuti munthu wotsimikiza kuti akuchita zabwino chipongwe amachivala ngati mendulo. Ngakhale abwana ake a kubungwe ankamutchula choncho pafoni.

Chimene mpandawo unkateteza ndi kachilombo kosaposa chala chaching'ono. Ndi kadziwotche, koma wa mtundu wakewake: nyali saidziwa, usiku sauluka. Amauluka masana dzuwa likuswa mtengo, mwaulesi, mapiko ake akuda onyezimira okhala ndi madontho asanu ofiira. Akamera mapiko amakhala moyo sabata imodzi basi. Mbozi zake n'zosankha zakudya koopsa, sizidya china koma masamba a kachitsamba koyanga pansi, ka maluwa achikasu, kamene bambo ake a Mayi Waya ankakatcha kagonapansi. Kale akadziwotchewa ankapezeka pa zitunda zisanu ndi ziwiri. Zina anthu analimapo, zina anamangapo nyumba, china anaswapo miyala mpaka chinasanduka dzenje. Chinatsala chimodzi chokha, ndipo bungwe losamalira zachilengedwe linam'patsa iyeyo kuti achisunge.

Chitundacho sichinali chachilendo kwa iye. Ndi pomwe bambo ake ankadyetsa mbuzi kuyambira iye asanabadwe. Anthu ankawatcha aTonde, ena amati chifukwa cha ndevu, ena chifukwa cha liuma, ndipo onse ankanena zoona. Mbuzi zawo, makumi atatu ndi kanthu, zinkakwera m'mawa n'kutsika madzulo, ndipo ndi zomwezo zimene zinam'phunzitsa mtsikanayo mpaka ku yunivesite. Atabwerako ndi digiri yake ndi ntchito yosunga chitunda, sabata yoyamba yomwe anaona chinthu chimene chinamukwiyitsa kosaneneka. Mbozi ya kadziwotche ikakhuta imakwera phesi la udzu n'kudzimangira chikwa chotuwa, chonga kapepala kopinda, ndipo imagona mmenemo mpaka itamera mapiko. Iye anali atagwada akujambula chikwa chotero pamene mbuzi yamawanga inatambasula khosi n'kubudula phesilo ndi chikwa chomwe. Anachimva chikuphwanyika m'mano a mbuziyo.

Madzulo ake anawapeza bambo ake akutseka khola.

"Bambo, mbuzi zanu zikudya zikwa."

"Zingati?"

"Ndaona chimodzi. Nanga zomwe sindinazione?"

"Iwe, mbuzi zanga zakwera pamenepo zaka makumi anayi, ndipo tizilombo takoto tilipobe. Ukuganiza tinkadikira digiri yako?"

"Atsala pano pokha, bambo. Kwina konse anatha."

"Ndiye dzifunse chifukwa chake atsala pano pokha."

Sanadzifunse. Amati ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Uyu khomo anaikapo, koma analikhoma ndi loko, kiyi n'kumangirira m'khosi. Patatha miyezi iwiri mpanda unali utaima.

Chilimwe china msipu utasowa, aTonde anadula waya ndi pulayala n'kulowetsa mbuzi zawo. Mwana wawo anazitsekera kuseri kwa kontena imene inali ofesi yake, n'kuitana amuna awiri a kubungwe kuti akhale mboni. Analemba chikalata cha chenjezo, anachidinda, n'kupatsa bambo ake cholembera. Mdalayo anayang'ana pepala, anayang'ana mwana wake, kenako anasaina pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, monga amachitira anthu a sukulu yochepa. Anayesa kudyetsa mbuzizo m'mbali mwa msewu, koma lole inagunda zinayi tsiku limodzi. Zotsalazo anazipereka kwa wabutchala, ziwiriziwiri, mpaka m'khola munatsala fungo lokha. Kuyambira pamenepo, pakati pa bambo ndi mwana panatsala moni wa m'mawa basi.

Choipitsa zinthu n'chakuti poyamba mpandawo unaoneka ngati wagwira ntchito. Chaka chomanga mpanda, Mayi Waya anawerenga akadziwotche 214. Chaka choyamba mpanda utaima anakwana 260, ndipo bungwe linam'jambula ataima pageti n'kumuika pa kalendala. Chaka chachiwiri anatsika kufika pa 97, iye n'kunamizira mvula. Chachitatu anapeza 22, n'kunamizira mbalame ndi mankhwala a m'minda ya kutsidya kwa msewu, ndipo pofuna kutsimikiza kuti palibe cholowa, anawonjezera mzere wachisanu ndi chimodzi wa waya. Tsopano chinali chaka chachinayi, ndipo m'kope munali maziro okhaokha.

Potuluka tsiku lachisanu ndi chinayi lija, kiyi anamupulumuka n'kugwera kunja kwa geti. Atawerama kuti amutole, dzanja lake linagwira duwa lachikasu. Kanali kagonapansi. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere. Pakati pa mpanda ndi msewu panali kamzere ka nthaka, kotalika koma kopyapyala, masitepe awiri m'lifupi, ndipo kachitsambako kanali katayanga ponseponse, kotuwa ndi fumbi la malole koma kamoyo. Udzu pamenepo unali waufupi ngati wochita kumeta, ndipo pansi panali ndowe za mbuzi mbwee. Chapatali, mbuzi zitatu za mayi wogulitsa tomato pamphambano zinali kubudula udzu, n'kumalambalala kagonapansi, poti n'kowawa.

Zaka zinayi ankaponda pamenepo m'mawa ndi madzulo, osaona. Fomu ya bungwe imafunsa kuti akadziwotche aoneka angati pamzere wa zikhomo, nthawi yanji, mphepo inali yotani. Ilibe malo olembapo za zomera, ndipo zikhomo zonse zinali mkati mwa mpanda. Iye ankayenda maso ali m'mwamba, momwe zouluka zimaonekera.

Anatsegulanso geti, anathamanga mpaka pa chikhomo chachisanu ndi chiwiri, pomwe kale maluwa ankachita kuyala chikasu, n'kugwada n'kupatula udzu ndi manja. Pansi pake panali mdima ndi chinyezi, ndi udzu wakufa wa zaka zinayi, wosanjikana, wonunkha nkhungu. Anakumba ndi zala mpaka anafika panthaka. Anapeza timapesi toyera, topanda tsamba, tofooka ngati ulusi wonyowa. Anathamangira chikhomo china, kenako china, akukalidwa ndi timitengo taminga tomwe tsopano tinkamufika m'mapewa. Ponse zinali chimodzimodzi.

Apa m'pamene anamvetsa. Mbuzi zinkadya chikwa chimodzi apo ndi apo, inde, koma zinkameta udzu ndi timitengo taminga, dzuwa n'kumafika pansi pomwe kachitsambako kamagona. Iye anachotsa mbuzi, udzu unakula n'kuphimba kagonapansi, mbozi zinkaswa n'kupeza palibe chakudya. Sinali mvula, sizinali mbalame, sanali mankhwala. Anawapha ndi iyeyo, ndi waya wake. Anagwidwa ndi mantha enieni, ndipo manyazi anabwera pambuyo pake n'kumukhazika pansi. Anakhala mu udzumo kanthawi, manja akutuluka magazi, osatha kulira.

Kenako anatuluka n'kuyamba kukwawa m'kamzere ka kunja kaja, phesi ndi phesi, malole akum'thira fumbi, madalaivala akuliza hutala n'kumamufunsa ngati wataya mphete. Pofika madzulo anali atapeza zikwa zitatu. Ziwiri zinali pamapesi, chachitatu chinali chitamatirira pawaya penipeni, poti mboziyo inasowa udzu wautali wokwerapo. Anadula mapesiwo ndi lumo, anadulanso kachidutswa ka wayako ndi pulayala, n'kunyamula zonse m'chipewa. Pamsewu sakanazisiya, pakuti mbuzi, matayala ndi fumbi zinali pomwepo.

Kontena yake inali ndi zenera limodzi, tebulo la matabwa, mpando wapulasitiki wosoka ndi waya, ndi firiji yakufa imene ankasungamo mafayilo kuti makoswe asadye. Anaimika zikwazo m'mabotolo atatu, anaphimba pakamwa ndi zidutswa za neti ya udzudzu, n'kuwaika pomwe dzuwa silifika mwachindunji. Atatero anaimbira abwana ake.

"Mukutsimikiza, Mayi Waya?" anafunsa abwanawo atamva zonse.

"Ndagwira ndi manja anga, bwana. Mkati mwa mpanda mulibe chakudya cha mbozi."

Kumbuyo kwawo kunkamveka anthu akulankhula. "Mpandawo tinavomereza tonse, musadziimbe mlandu nokha. Lembani lipoti, komiti ikumana mwezi wamawa."

"Mwezi wamawa nyengo idzakhala itatha."

"Ndiye chitani zomwe mungathe ndi zikwa zanuzo. Pepani, ndili pamsonkhano."

Kunyumba anapeza mayi ake kukhitchini akukwecha mapoto. Anawafotokozera zonse, iwo akumvetsera osatembenuka.

"Ndiye ukuuza ine bwanji? Mbuzi zinali zanga?"

"Ndikuopa, amayi."

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Bambo ako ali pakhonde apo. Sakuluma, mano anatha."

ATonde anali pampando wawo wothyoka mkono, akupota chingwe ndi ulusi wa matumba akale. Zingwe zoterozo anali atapota zambiri, zinkalendewera pamsomali, zopanda chomanga. Zaka zinayi zinawakalambitsa kuposa makumi anayi za pachitunda: miyendo inatupa chifukwa chokhala, ndevu zinayera zonse. Mwana wawo anakhala pasitepe, m'munsi mwa mapazi awo.

"Bambo, ndabwera kudzanena kuti ndinalakwa."

"Pa ziti?"

Anawauza za udzu, za kagonapansi, za kamzere ka kunja kwa mpanda. Ankayembekezera kuti amuseka kapena amukalipira, ndipo mumtima ankafuna atatero, poti mawu aukali munthu umadziwa pogwira. Koma mdalayo anangopitiriza kupota.

"Atsala angati?"

"Zikwa zitatu."

"Zitatu," anabwereza. Anakoka chingwe kuyesa kulimba kwake. "Nanenso ndinkawawerenga, ukudziwa? Osati ndi kope. Ndikakhala pamwala masana ankanditera pachipewa, mpaka amayi ako ankati ndavala maluwa." Anaika chingwe pansi. "Mbuzi ndilibe, mwana wanga. Ukanabwera zaka ziwiri zapitazo ukanapeza zisanu ndi imodzi."

"Ndikudziwa, bambo."

"Ndiye ukufuna ndikuchitire chiyani?"

"Sindikudziwa. Ndimangofuna mudziwe."

"Ndadziwa," anatero, n'kutolanso chingwe chawo.

M'mawa mwake Mayi Waya anatsegula geti n'kulisiya chitsegulire. Anatenga chikwakwa n'kuyamba kutchetcha udzu pa chikhomo chachisanu ndi chiwiri, yekha, mpaka m'manja munatuluka matuza. Ankadziwa kuti kagonapansi sikamera pa sabata imodzi, koma kukhala chete sakanatha. Anapempha mayi wa tomato kuti alowetse mbuzi zake. Mayiyo anam'yang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Inu, si inu munasainitsa bambo anu omwe? Ine sukulu sindinapite, ndisainira chiyani?"

Mbuzizo zinalowa ndithu tsiku lachiwiri, koma zinangoima pageti kuyang'ana thengolo, n'kubwerera kumsewu.

Chikwa choyamba chinabooka pambali, kabowo kakang'ono ngati ka singano, ndipo munatuluka kachilombo konga mavu kamene kanali katadya mbozi mkati. Chachiwiri chinali chopepuka modabwitsa. Atadikira masiku atatu anachitumbula ndi lezala, n'kupezamo fumbi lakuda. Chinatsala cha pawaya. Mayi Waya ankachiyang'ana m'mawa, masana, madzulo, osayerekeza kuchigwira. Chakudya chinasiya kumulowa, ndipo mayi ake anayamba kumamuikira buledi m'chikwama osamuuza.

Tsiku lakhumi ndi chisanu la kuwerenga, cha m'ma naini m'mawa, chikwacho chinang'ambika kumutu. Munatuluka kachilombo konyowa, mapiko ali okwinyika ngati kansalu kofinya. Kanakwera pawayapo, kanaima, ndipo pang'onopang'ono mapikowo anatambasuka, madontho asanu ofiira n'kuoneka mbali iliyonse. Mayi Waya anatenga kagalasi kokulitsa zinthu n'kuyang'ana mimba. Inali yonenepa, yodzaza mazira. Anali wamkazi. Kwa kanthawi anasangalala ngati mwana, anaseka yekha m'kontenamo, kenako anakumbukira kuti wamkazi yekha sabereka.

Njira yake ilipo, ndipo aliyense wa ntchito imeneyi amaidziwa. Kadziwotche wamkazi amene sanakumane ndi wamwamuna amatulutsa kafungo masana, kamene munthu sangakamve, koma wamwamuna amakamva ali kutali n'kubwera motsata mphepo. Umamuika wamkaziyo m'kakhola ka neti, umakapachika pamtengo wofika m'mawondo, n'kudikira. Ngati pachitunda patsala wamwamuna ngakhale mmodzi, abwera, ndipo iwe umatsegula kachitseko. Wamkazi amaitana masiku asanu kapena asanu ndi limodzi, kenako mphamvu zimatha.

Tsiku loyamba anapachika kakholako pamalo omwe anatchetcha, n'kukhala pansi kuyambira dzuwa lili paliwombo mpaka litapendeka. Kunabwera ntchentche, kunabwera njuchi imodzi yosochera. M'kati mwa neti wamkaziyo anaima patsamba la kagonapansi limene anamuikira, mimba atakweza pang'ono, akuitana.

Tsiku lachiwiri anamva ndodo ikugogoda pageti. Anali bambo ake, atavala chipewa chawo chakale ndi nsapato za matayala, akupuma movutikira chifukwa cha mtunda wa kuchokera kunyumba. Geti linali lotsegula, koma iwo anaima kunja.

"Ndilowe, kapena ndisaine kaye?"

"Lowani, bambo," anatero, nkhope ikumutentha.

Anakwera pang'onopang'ono, akukankha udzu ndi ndodo, akupukusa mutu ndi kutsonya. Atafika anawerama n'kuyang'ana m'kakhola nthawi yaitali.

"Wakula bwino," anatero. "Koma wamuika polakwika."

"Pano m'pomwe ndinkawerenga ambiri."

"Pamzere wakowo, mwina. Mphepo ya masana siidutsa pano, imakhota kuseri kwa mwala wong'ambika uko n'kutsikira kuchigwa. Aamunawo ankasonkhana kumeneko. Tola katundu wako."

Mwala wong'ambikawo unali kutali ndi zikhomo zake, ndipo pa zaka zinayi sanapondepo. Anawatsata bambo ake osatsutsa, atanyamula kakhola ndi manja awiri. Atafika anaona kuti n'zoona: kamphepo kofunda kankadutsa pamenepo mosalekeza, ndipo m'ming'alu ya mwalawo, momwe udzu sunathe kumera, munali timaluwa tachikasu tingapo. Ngati panali malo omwe mbozi ina ikanapulumukira, anali amenewo.

Anakhala awiriwo, wina pamwala, wina pansi. Mwana ankayang'ana wotchi, bambo ankayang'ana mphepo mu udzu.

"Usamangodzuka," anatero mdalayo. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Masiku ake ndi ochepa, bambo."

"Anga ndi ambiri? Khala pansi."

Tsiku lachitatu anabweranso, ndipo lachinayi anabwera ndi tiyi m'botolo, amene mayi anawakakamiza kunyamula. Masana a tsiku limenelo chinthu chakuda cha madontho ofiira chinatulukira kuchigwa, chikuuluka motsika, molunjika kakholako. Mayi Waya anaimirira, dzanja lili pakachitseko. Bambo ake anam'gwira mwendo kuti asasunthe. Chinthucho chinazungulira kamodzi n'kutera pamwala. Chinali chikumbu wamba, cha mapiko olimba, chimene chimapezeka m'munda uliwonse. Chinayenda pang'ono n'kuulukanso.

"Ndinaona ngati ndi iye," anatero aTonde, akuyang'anabe komwe chinaulukira. Aka kanali koyamba mwana wawo kuzindikira kuti nawonso ankafuna wamwamunayo abwere, mwina kuposa iye mwini.

Tsiku lachisanu kunachita mitambo, ndipo akadziwotche sauluka kopanda dzuwa. Anakhalabe pomwepo, atafunda majekete. Wamkaziyo anatsika patsamba n'kukhala pakona ya neti, mapiko atayamba kuthothoka m'mphepete, ufiira wa madontho utazilala. Mayi Waya anam'mwetsa madzi a shuga ndi nsonga ya udzu. Anamwa pang'ono.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi dzuwa linabwerera, lotentha, lopanda kamtambo, tsiku lomwe m'zaka zakale chitunda chonse chikanachita waliwali ndi mapiko. Wamkaziyo anakweranso patsamba, anakweza mimba n'kuitana kuyambira masana. Mphepo inali yabwino. Awiriwo anayang'ana kuchigwa mpaka maso anawawa. Cha m'ma fili koloko wamkaziyo anatsitsa mimba. Anayenda pang'onopang'ono mpaka kumphepete kwa tsamba, anazungulira kunsi kwake, n'kuyamba kugunditsa nsonga ya mimba patsambapo.

"Akutani?" anafunsa mdalayo.

Mayi Waya anawerama ndi kagalasi kake kuti aone. Iwo anatenga kagalasi m'manja mwake, anagwada movutikira, n'kuika diso pafupi ndi neti. Nkhope yawo inamasuka, ndipo kwa nthawi yoyamba pa zaka zinayi mwana wawo anawaona akumwetulira.

"Akuikira. Taona, timazira tachikasu. Kamodzi, tiwiri, titatu... Akuyala bwinobwino m'mizere." Anaseka chapansipansi. "Ndiye tapulumuka, iwe. Tamvera. Mlamu wanga wa kutsidya kwa mlatho ali ndi mbuzi makumi awiri, msipu ukumuvuta. Ndikamuuza mawa, azibwera nazo, ine ndiziziyang'anira, miyendoyi ikayenda iphwa. Tiyambira pamwala pano, kutsika. Minga tidula ndi chikwanje. Mvula ikamabwera kagonapansi kadzakhala katadzuka. Amaswa pakapita masiku angati?"

Mayi Waya anayang'ana pansi. Akanatha kunena kuti khumi ndi awiri, poti ndi mmene zimakhalira, mdalayo n'kupita kunyumba akuimba mluzu. Anafuna kwambiri kunena choncho. Koma anali atawalakwira kale kamodzi ndi chikalata chodinda, ndipo kachiwiri sakanatha.

"Saswa, bambo."

"Bwanji?"

"Wamwamuna sanabwere. Akaona kuti masiku ake atha amaikirabe, koma mkati mulibe kanthu."

ATonde anakhala chigwadire. Anaweta nkhuku moyo wawo wonse, ndipo za mazira a thadzi lopanda tambala sankafunika kuuzidwa kawiri.

"Onsewa?"

"Onse."

"Nanga kwina? Zitunda zina zija?"

"Kulibe, bambo. Ndinayenda konse."

"Chaka chamawa?"

"Chaka chamawa amachokera m'mazira a chaka chino."

Mdalayo anatsitsa kagalasi n'kukaika pamwala mosamala, ngati kangasweke. Anayesa kudzuka, miyendo inakana, ndipo mwana wawo anawagwira m'khwapa n'kuwakhazika pansi pafupi naye. Apa misozi imene inamukana masiku onse aja inatuluka, ndipo analira mosabisa, kulira kwake kukumveka mpaka kuchigwa. Bambo ake sanamutonthoze, komanso sanachotse dzanja lake pamkono pawo.

"Titsegule apite?" anafunsa mdalayo patapita nthawi.

"Sangauluke tsopano. Mbalame ingomutola."

"Ndiye msiye amalize ntchito yake."

Mumsewu malole ankadutsa, wina analiza hutala. Awiriwo anakhala pomwepo mpaka mthunzi wa mwala unawafika kumapazi, akuyang'ana kadziwotcheyo akuikira mazira ake, limodzilimodzi, mosathamanga, kunsi kwa tsamba komwe dzuwa silingawaotche.